Chithunzi Nambala 6208

Dzina lawo lenileni linkapezeka pa chiphaso pokha. Msewu wonse unkawadziwa kuti a Mwetulirani, chifukwa kwa zaka makumi atatu ndi zinayi mawu amenewo ndiwo ankatuluka pawindo la situdiyo yawo m'mawa ndi masana, kwa makanda, kwa akwati, ngakhale kwa nkhalamba zoti mano zinatsanzikana nawo kalekale. Chonsecho eni akewo kumwetulira ankakuumira ngati kumachita kugulidwa. Anali bambo wamtali, wowonda, wa malaya opisira nthawi zonse, ndipo ukhondo wawo unali wotopetsa. Akazi awo ankati anakwatiwa ndi tsache: ukasiya kapu patebulo n'kutembenuka kuti utenge shuga, umaipeza yatsukidwa kale, yavundikiridwa pa shelefu.

Situdiyoyo inali pamwamba pa sitolo ya mankhwala, ukakwera masitepe khumi ndi asanu ndi awiri. Munali chipinda chojambuliramo, cha nsalu yotuwa kukhoma ndi magetsi awiri a maambulera, ndiye kachipinda kamdima komwe kale ankatsukiramo zithunzi. Mafoni atalanda ntchito ya ojambula, okwera masitepewo anachepa. Kunatsala ofuna zithunzi za ziphaso ndi maukwati a apo ndi apo. Lamulo la a Mwetulirani pantchito linali limodzi: chinthu chilichonse chikhale ndi malo ake amodzi, osati awiri. Kamera zosunga zithunzi pa khadi m'malo mwa filimu zitangobwera kumene, khadi linawadzalira pakati pa ukwati, akwati ali mkati movekana mphete, ndipo manyazi a tsiku limenelo sanawachoke. Kuyambira pamenepo, akangosamutsa zithunzi, khadi ankalifufuta nthawi yomweyo, asanamwe ndi madzi omwe.

Tsiku lina Lachiwiri masana kunakwera mayi wina, mphunzitsi wa pasukulu ina yakutali, choko chidakali m'zikhadabo. Sanabwere kudzajambulitsa. Anafotokoza, uku akupotokola lamba wa chikwama, kuti mayi awo anamwalira iwo ali ndi zaka zitatu, kuti nkhope ya malemuwo sakuikumbuka ngakhale pang'ono, ndipo kuti zithunzi ziwiri zomwe zinalipo zinapsera m'nyumba iwo asanayambe sukulu. Azakhali awo, atatsala pang'ono kutsikira kuli chete, ndiwo anakumbuka kuti malemuwo anajambulitsapo kamodzi m'tauni, pamwamba pa sitolo ya mankhwala, kwa munthu wamtali wosaseka.

"Ndikungofuna ndiwaone, bambo," anatero aphunzitsiwo. "Kamodzi kokha basi."

A Mwetulirani anayankha monyadira kuti pamalo pawo sipatayika kanthu. Anatsegula kachipinda kamdima n'kukoka kabati ya manegetivu, timapepala takuda ta filimu tija tomwe zithunzi zakale zinkachokerako. Kabatiyo anali asanaitsegule kwa zaka zambiri. Munatuluka fungo la viniga lolasa m'mphuno, moti aphunzitsi anabwerera m'mbuyo akutsokomola. Manegetivu anali atayamba kuola: ena atapindika, ena atamatana, ena atatuluka matuza. Ndipo maenvulopu onse, opitirira zikwi zisanu ndi zinayi, anali ndi nambala yokha popanda dzina, poti masiku amenewo wojambulitsa ankapatsidwa kapepala ka nambala kuti adzabwere nako. Kapepala kotero aphunzitsi analibe. Anasiya nambala yawo ya foni, n'kutsika masitepe pang'onopang'ono.

Nkhaniyi inawadya a Mwetulirani. Nkhope zonse za msewu uja ndi midzi yozungulira zinali kusungunuka m'manja mwawo, iwo akupukuta fumbi pamwamba pa kabati tsiku ndi tsiku. Ndiye pofuna kuzipulumutsa poziika m'kompyuta, munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi anayamba kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta ngati mwana wa kalasi loyamba. Ankaonera mavidiyo pafoni makasitomala akasowa, n'kumakopera mzere uliwonse m'kope ndi pensulo asanautayipe. Kuona maso a nkhono n'kudekha: patapita miyezi inayi anali ndi kapulogalamu kawokawo. Ukalemba nambala patsamba looneka pa sikirini, pulogalamuyo inkakafufuza m'foda ina yosungira zithunzi yoyandikana nayo, yomwe anaitcha kuti kabati, n'kukuonetsa chithunzi chaching'ono. Chachikulu chenichenicho chinkakhala m'foda momwemo.

Koma kompyuta yawo inali yakalekale, yobuula ikamayaka, ndipo malo munalibe. Mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, yemwe amakonza mafoni ndi makompyuta m'kashopu ka pakona, ndiye anawauza zoti masiku ano zinthu zimaikidwa kumtambo. Dzinalo n'longokometsera. Kulibe mtambo uliwonse. Ndi makompyuta a kampani ina ali m'nyumba ina kutsidya kwa nyanja, oyaka osazima, ndipo eni ake amakupatsa malo kuti pulogalamu yako izigwirira ntchito kumeneko, aliyense n'kumaifikira pa intaneti.

Kukweza pulogalamu kumtamboko kunawadyera masiku atatu. Akaitumiza, mizere inkathamanga pa sikirini n'kukaima pa mzere wofiira. Tsiku loyamba anali ataiwala kutumiza mndandanda wa timapulogalamu tina tomwe yawoyo imadalira. Tsiku lachiwiri zinapezeka kuti pulogalamu yawo ikudikirira alendo pa khomo la nambala yomwe anasankha okha, pomwe kampaniyo imapereka nambala yake. Tsiku lachitatu, akazi awo atangofika ndi chakudya chamasana, mzere wotsiriza unatuluka wobiriwira. Anatumiza chithunzi chimodzi choyesera, nawalanda foni akazi awowo, n'kulembamo nambala wani, ndipo panatuluka khanda lonenepa lomwe pano liyenera kuti lili ndi ana akeake. Akazi awo anati aka kanali koyamba chaka chimenecho kuwaona mano.

Patsamba la kampaniyo panali malangizo ataliatali a zilembo zing'onozing'ono. A Mwetulirani anawerenga pomwe panawathandiza kuchotsa mzere wofiira, zina zonse anazidumpha. Ndani amawerenga zimenezo zinthu zikuyenda? Safunsa anadya phula, koma kuti ufunse umayenera kuyamba wadziwa kuti pali funso.

Ntchito yeniyeni inayamba pamenepo, ndipo inatenga miyezi isanu ndi itatu. Ankaika negetivu pa galasi lowala, n'kuijambula ndi kamera yoloza pansi, makumi anayi kapena makumi asanu patsiku. Asanatseke situdiyo ankatumiza zithunzi zonse kumtambo, n'kuyesa nambala iliyonse kuti aone ngati yafika. Akatsimikiza, ankafufuta khadi, monga mwa nthawi zonse. Manegetivu ojambulidwawo ankawaponya m'thumba lakuda. Apa sitingawadzudzule kwambiri: kuola kwa filimu kumapatsirana, yodwala ikakhala pafupi ndi yabwino zonse zimapita, wogulitsa mankhwala pansi paja anali atadandaula kawiri kuti fungolo likuthawitsa anthu, ndipo chifuwa cha akazi awo chinkabanika akamachapa malaya awo. Lachisanu lililonse thumba linkatsika masitepe kukadikira galimoto ya zinyalala.

Mlamu wawo anawachenjezapo kamodzi. Anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndiye bwanji osapeza kadisiki kena kosungira pano pomwe. A Mwetulirani anafunsa ngati kadisiki kogona m'dilowa kangaposa kampani ya makompyuta zikwizikwi, ndi alonda, ndi majenereta. Mlamuyo sanalimbikire. Iyenso ankakhulupirira mtambo, kungoti pakamwa panamuyabwa.

Ntchito itatsala pang'ono kutha, Lachitatu lina m'mawa, foni inalira. Anali aphunzitsi aja. Anati bambo awo anali atasamukira kwa mwana wawo wina chifukwa cha ukalamba, ndipo polongedza katundu, m'kati mwa chikuto cha khadi lakale la kuchipatala, anapeza kapepala kachikasu ka chidindo cha situdiyo. Anawerenga nambalayo kawiri: 6208. A Mwetulirani anailemba pomwepo foni ili kukhutu, chithunzi n'kutuluka. Anawauza kuti chilipo, mayi wachitsikana ali yekha ataimirira, ndipo anafunsa ngati awatumizire pafoni.



"Ayi, musatumize," anatero aphunzitsi. "Sindikufuna kukumana ndi mayi anga pa foni, pakati pa mauthenga a makolo a ana. Munditsukire papepala, chachikulu. Ndibwera Loweruka ndidzachigwire ndi manja."

Apa m'pamene a Mwetulirani anazindikira kuti tsamba lawo limangoonetsa chithunzi chaching'ono chija, choti ukachikulitsa papepala nkhope imasanduka phala. Kuti atenge chachikulu pankafunika batani lina, lomwe anali asanaliganizirepo. Sinali ntchito yovuta, mizere khumi ndi iwiri basi. Analemba Lachinayi, n'kuyesa pa kompyuta yawo, zinayenda. Lachisanu m'mawa, atasesa ndi kupukuta magalasi, anatumiza pulogalamu yatsopanoyo kumtambo. Kanali koyamba kuigwiranso chiikireni. Mizere inathamanga, wotsiriza unatuluka wobiriwira, osavuta ngakhale pang'ono. Batani latsopano linali pamalo pake, looneka bwino.

Analemba 6208. Tsamba linayankha ndi mawu omwe analemba okha miyezi yapitayo: "Pepani, nambala imeneyi ilibe chithunzi."

Anaganiza kuti chala chaphonya. Analembanso. Kenako analemba wani, analemba 500, analemba 9000. Tsamba linapepesa ulendo uliwonse, mwaulemu womwewo.  Anatsika masitepe osatseka chitseko, zomwe anali asanachitepo m'zaka makumi atatu ndi zinayi, n'kukamutenga mlamu wawo ali pakati pomatula foni ya munthu.

Mlamuyo anakhala pa kompyuta, nawerenga malangizo aja kuyambira pamwamba, chala chikutsata mizere. Atafika pa ndime yachitatu ya tsamba lina anasiya kuwerenga mokweza. Kenako anafotokoza, maso ali pa sikirini. Ukatumiza pulogalamu yatsopano, kampaniyo siikonza makina akale ayi. Imakupangira ena atsopano opanda kanthu, n'kuikamo pulogalamu yako yokha, akale aja n'kuwafafaniza ndi zonse zili m'mwemo. Zili ngati chipinda chogona alendo: ukatuluka amasesa chilichonse, safunsa kuti ichi n'cha ndani. Wofuna kusunga zinthu amayenera kupempha malo ena apadera, ndipo zimenezo zinalembedwa poyera. Foda ija yotchedwa kabati inali m'chipinda cha alendo miyezi yonseyi, ndipo inakhalitsa chifukwa choti palibe anagwedeza chitseko.

"Alamu," anatero a Mwetulirani, "munthu angatenge zinthu za mnzake n'kuzitaya osamufunsa?"

"Anakufunsani, alamu. Pamene munadina kuti mwavomera paja."

Tsiku lonselo anathamanga uku ndi uku, koma mtengo wogwira unasowa. Patsamba la kampani panali batani lobwezera zinthu mmene zinalili. Analidina, ndipo linabwezadi pulogalamu yakale ija, yopanda batani latsopano, yopandanso chithunzi ngakhale chimodzi. Analembera kampaniyo. Poyamba anayankha makina, owafunsa ngati ayesapo kutseka ndi kutsegulanso tsamba. Patapita maola atatu anayankha munthu, kapena chinthu chodzitcha munthu, mwaulemu wonse: akumvetsa kuwawa kwake, koma zofafanizidwa sizibwezeka, ndipo nali tsamba lofotokoza mmene angachitire bwino ulendo wina. Pansi pake anawapempha kuti asankhe nyenyezi zingati posonyeza kukhutira ndi thandizolo. Kukanakhala ofesi, a Mwetulirani akanapita kukagwada pakhomo, kapena kukatukwana, chilichonse. Koma kunalibe khomo loti n'kugogoda, kunalibe nkhope yoti n'kuiyang'ana, ndipo zimenezo zinawapweteka koposa.

Mlamu wawo anayesa khadi la kamera. Anati zofufutidwa nthawi zina zimadzuka ngati sipanalembedwe zina pamwamba. Zinadzukadi mazana awiri, zonse za sabata yathayi, za manambala akumapeto. Nambala 6208 inadutsa pa khadilo miyezi itatu yapitayo, ndipo pamwamba pake panapondedwa kambirimbiri. Anayang'ananso ngati kompyuta inasungako kachithunzi kakang'ono kaja ka Lachitatu. A Mwetulirani anali ataitchera kuti izidzisesa yokha ikamazima. Mlamuyo anawayang'ana, nafuna kunena kanthu za tsache, koma anameza.

Atatha nzeru, mlamuyo ananong'ona kuti pa mazana awiri opulumukawo pali atsikana ambiri oimirira okha, ndipo aphunzitsiwo nkhope ya mayi awo saidziwa. A Mwetulirani anamuyang'ana osaphethira mpaka mlamuyo anapepesa n'kunena kuti foni ya munthu ija ikumudikira.

Masana anakwera basi kupita kotayira zinyalala, malaya ali chipisireni. Anaima m'mphepete mwa phiri la zonyansa, thirakitala ikukankha uku, ntchentche zili ng'waa. Bambo wina wa fosholo anawafunsa chomwe ataya, ndipo atamva kuti ndi thumba lakuda la miyezi itatu yapitayo, sanaseke. Anangoloza ndi fosholo pansi pomwe anapondapo, n'kunena kuti za miyezi imeneyo zili kunsi uko, mamita angapo, ndipo mvula yagwapo kale.

Atafika kunyumba akazi awo sanawanene. Anangowauza kuti madzi akatayika saoleka, ndiye awaimbire aphunzitsiwo, asavutike ndi ulendo wautali pachabe. A Mwetulirani anatenga foni, napeza nambala, nakhala akuiyang'ana. Anaiika patebulo, anaitenganso. Mawu oyambira anawasowa. Munthu umayamba bwanji? Anadziuza kuti nkhani yotere siyonenera pafoni, koma mumtima ankadziwa kuti ndi mantha basi.

Loweruka anatsegula situdiyo nthawi yake. Cha m'ma teni anamva mapazi pamasitepe, ofulumira, osapuma pakati. Aphunzitsi analowa atavala diresi yatsopano, tsitsi litakonzedwa, m'khwapa muli felemu yamatabwa yomwe anagula panjira, pepala la kusitolo lidakali pagalasi. Anapereka moni akuseka, maso akusakasaka patebulo.

A Mwetulirani anawapempha kuti akhale. Anafotokoza zonse ali chiimire, manja ali kumbuyo ngati mwana wolakwa, osabisa kanthu: za batani, za makina ofafanizidwa, za khadi, za thumba lakuda. Sanainamizire kampani. Anati chithunzicho chinali m'manja mwawo Lachitatu, ndipo achitaya okha Lachisanu pofuna kuchikonza bwino. Aphunzitsi anamvetsera mpaka pamapeto. Sanalire, sanakalipe, ndipo a Mwetulirani akanakonda akanakalipa. Anangoika felemu ija pamiyendo chafufumimba, n'kufunsa ngati palibiretu njira ina iliyonse. Anayankhidwa kuti palibe. Anafunsanso ngati akanavomera kutumiziridwa pafoni chikanakhalapo. A Mwetulirani anazengereza, koma anavomera kuti inde, chaching'onocho chikanakhalapo.

 Pansi paja wogulitsa mankhwala ankamveka akukoka makatoni.

"Koma inu munawaona," anatero aphunzitsi. "Kawiri konse. Kale lija, ndi Lachitatu. Ndiuzeni mmene analili."

A Mwetulirani anatseka maso, ndipo chithunzicho chinabwera msanga, mpaka anayamba kulimba mtima. Anati kuwala kunachokera kumanzere, kochuluka kwambiri, poti nthawi imeneyo anali asanazolowere magetsi atsopano. Diresi inali ya madontho, ya kolala yoyera yomwe inawala mopitirira. Chakumunsi kunali mzere wokalika womwe anaganiza zoufufuta asanatsuke. Mayiwo anaimirira pambali pa mpando, dzanja limodzi lili pa chotsamira chake, mpando wamatabwa womwewo uli pakonawo, sanausinthe.

"Nanga nkhope?"

A Mwetulirani anafufuza m'maganizo. Anabwerera ku Lachitatu lija, foni ili kukhutu, sikirini ili patsogolo pawo. Anapeza kolala, anapeza mzere wokalika, anapeza mthunzi pansalu yakumbuyo womwe unawanyansa. Pamene panayenera kukhala nkhope panalibe chilichonse. Anachiyang'ana chithunzicho mphindi yathunthu tsiku limenelo, koma anayang'ana ntchito yawo ndi zolakwa zake, monga ankachitira ndi zithunzi zonse moyo wawo wonse.

"Ankafanana ndi ine?" anafunsa aphunzitsi motsitsa mawu.

Kunena kuti inde kunali kosavuta, ndipo palibe akanawatsutsa mpaka kalekale. Anawayang'ana mayiwo kumaso, mphumi, mphuno, milomo, kuyembekeza kuti china chake chiwakumbutsa. Sichinabwere.

"Sindikudziwa, mayi. Nkhope sindinaiyang'ane."

Aphunzitsi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anaika felemu pansi, nadzuka, napita pakona paja. Anaukokera mpandowo pakati pa chipinda, n'kuima pambali pake.

"Dzanja liti?"

"Lamanja."

"Apa?"

"Chakumwamba pang'ono. Pomwe pachoka vanishipo."

Anasuntha dzanja mpaka pamenepo, nalisiya pathabwa losalalalo. A Mwetulirani anasowa choti achite ndi manja awo, ndipo anangoima chapatali, kudikira kuti mayiwo achotse dzanja. Sanalichotse msanga.